Nthungululu Pakhomo la Wedad

Kwathu ku Shubra, dera la mumzinda wa Cairo, mkazi akamapita ulendo wautali satenga kiyi wa nyumba yake. Amasiyira mnzake amene amayang'anizana naye zitseko, ndipo palibe amene amalumbiritsa mnzake. Ndi mmene anachitira Wedad tsiku limene mwamuna wake, a Sobhi, anamwalira. Maliro anali oti akaikidwe kumudzi, kufupi ndi Sohag, kutali kummwera kwa dziko, ndipo achibale anali atanena kale kuti wamasiyeyo akakhala komweko mpaka sadaka ya tsiku la makumi anayi itachitika. Galimoto ya maliro ikuliza hutala pansi, Wedad anagogoda kwa mnzake Ensaf n'kumufumbatitsa kiyi m'manja.

"Amake Hazem, muzindithiririra timbewu tanga ta m'tiyi pakhonde paja. Tisaume."

"Pitani bwino, achemwali. Musadere nkhawa, zonse zili m'manja mwanga."

Amayi awiriwa anakhala moyang'anizana, pansanjika yachitatu, kuyambira Hazem, mwana wa Ensaf, akukwawa. Wedad sanaone mwana wakewake, ndiye Hazem anakulira pakati pa zitseko ziwiri: akalakwa uku amathawira uko, akadya uku amakamalizira uko. Tsopano anali bambo wandevu zake, woyendetsa minibasi, ndipo anali atatomera mtsikana wina dzina lake Basma kwa nthawi yaitali moti anthu a mumsewu anasiya kufunsa za ukwati. Vuto linali nyumba. Kuno mwamuna wopanda nyumba sakwatira, olo atakhala wokongola bwanji. Bambo ake a Basma anali atatopa, ndipo anatumiza mawu akuti chaka chikatha popanda chitseko choti mwana wawo alowepo, abweza golide wa chitomero.

Mwini mdadada wonsewo wa nyumba zosanjikizana anali a Haji Metwali, amene amagulitsa matailosi m'sitolo yapansi. Munthu wake ngwopemphera, inde, sitikana, koma akamva dzina la Sobhi nkhope imachita kuda. Lendi ya a Sobhi inali yakale, ya m'masiku a bambo awo a Haji, yoti lero singagule ndi nkhuku yomwe, ndipo lamulo silinkawalola kuikweza kapena kumutulutsa munthuyo. Sabata ya maliro isanathe, a Haji anakwera masitepe ali wefuwefu, mbale ya makeke a uchi ili m'manja.

"Amake Hazem, madzi akudontha m'sitolo mwanga. Ndikuganiza kuti ndi mpope wa kwa malemu."

Ensaf anawayang'ana. Pakati pa nyumba ya Wedad ndi sitoloyo panali mabanja ena, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anadandaulapo za madzi.

"Madzi anzeru amenewo, a Haji, odumpha nyumba za eni n'kukagwera pa inu nokha."

A Haji anaseka mpaka mimba kugwedezeka, n'kukhala pampando osauzidwa. "Pakamwa panupa! Chabwino, tisiye za madzi. Mpunga wa ukwati wa Hazem tidya liti? Mnyamata akumera imvi tikuona. Mayi uja sabweranso, ndikuuzeni ine. Mkazi wopanda mwana azidzatani ku Cairo yekhayekha? Alamu ake amusunga kumudzi konko. Nyumba yabwinobwino izingokhala yotseka, pamene mwana wathu akusowa polowetsa mkazi? Ine ndikhoza kulemberana naye Hazem za lendi mawa lomwe. Mpongozi wanu n'kumadzuka m'mawa akukupatsani moni pakhomo pomwepa."

Ensaf sanavomere. Zimenezi ankazibwereza mumtima mwake masiku onse otsatira, ngati kuti pali amene akumufunsa: sindinavomere, sindinapereke. Zoona, sanapereke. Anangonena kuti, "Ndikuikireni tiyi," n'kulowa kukhitchini, kiyi wa Wedad ali lende pamsomali pafupi ndi chitseko, poti ndi wakhungu yemwe akanamupeza. Tiyi wa tsiku limenelo anachedwa kupsa koopsa. Madzi anawira, iye ali chilili kuyang'ana nthunzi. Potuluka anapeza mpando uli wokha, msomali uli wokha. Madzulo ake kiyi uja anabwerera kudzera pansi pa chitseko, a Haji atasulitsa wina wofanana naye.

Patapita masiku kunabwera amuna onyamula katundu. Ensaf anakweza wailesi kuti asamve, komabe anamva: bedi la a Sobhi likugunda pamakona a masitepe, mapoto akulira, wina akutukwana kabati kuti njolemera ngati tchimo. Zonse anakaziunjika padenga, m'kachipinda kamene kale ankasungiramo nkhuku. Kenako loko watsopano, kenako fungo la penti. Hazem anauzidwa kuti mayi Wedad asankha kukhala kumudzi, nyumba ikhala yake, ndipo mnyamatayo anathamanga kukauza apongozi ake asanavule ndi nsapato zomwe. Ensaf anamuona akuseka ngati mwana, ndipo anadziuza kuti mwina Wedad sabweradi.

Anabwera. Anatsika sitima ya m'mawa atavala zakuda, ataonda, kachikwama kamodzi kali m'manja, n'kugogoda kwa Ensaf kudzatenga kiyi wake. Ensaf anamupatsa, n'kuima pakhomo kuonerera mnzake akulowetsa kiyi, kumutulutsa, kumupukuta pamalaya, kumulowetsanso.

"Amake Hazem, kodi maso angawa? Kapena ndasokoneza chitseko?"

A Haji anamva ali pansi, n'kukwera akukuwa kuti mdadada wonse umve. Akuti a Sobhi anawabwezera okha kiyi asanamwalire. Akuti mayiyu anasamukira kumudzi kalekale, kuno amangobwera ngati mlendo. "Onani chitseko, anthu inu! Chathyoledwa? Ndalowa ndi kiyi amene mwini wake anandipatsa!"

"Mulungu akuoneni, a Haji! Munthu sanaume n'komwe m'manda, mukumunamizira?"

Zitseko zinatseguka m'mwamba ndi pansi, mitu ikusuzumira, koma onsewo anali a lendi a munthu yemweyo, ndipo aliyense anali ndi ana ake. Wedad anakhala pansi pamasitepe n'kuyamba kulira maliro atsopano. Apa m'pamene Ensaf anamugwira pamkono.

"Dzukani, achemwali. Mulowe kwanga. Simungagone panja ine ndili moyo."

Kalanga ine, mmene anthu anamuyamikirira! Wogulitsa buledi anamuwonjezera awiri aulere. Amayi a m'mwamba ankati anzako a masiku ano kulibe onga amake Hazem. Mawu aliwonse otere ankamulowa ngati singano. Akanakonda kuti wina amulavulire.

Tsiku lotsatira anaperekeza Wedad kwa loya wina wamkazi, a Nermin, amene ofesi yawo inali pamwamba pa sitolo ya nsapato. A Nermin anamvetsera nkhani yonse akutafuna cholembera, kenako anamenya tebulo.

"Mayi anga, mwini nyumba alibe mphamvu yotulutsa munthu ndi manja ake. Olo mukanakhala kuti mwamulakwira, njira yake ndi kukhoti, osati kusintha loko munthu ali kumaliro. Ndipo mkazi amene ankakhala ndi mwamuna wake m'nyumbamo mpaka imfa, lendi imapitirira pa iye. Lero lomwe tipita kupolisi kukadandaula. Nkhani ikafika kwa woimira boma pamilandu, atumiza wapolisi kudzafunsa oyandikana nanu: ankakhala muno ndani, nanga mwini nyumba analowa bwanji? Akakhutira, alamula kuti chitseko chitsegulidwe, mubwereremo. Koma musathyole loko nokha, mwamva? Mungawapatse chonena. Chofunika ndi mboni imene singachite mantha. Muli nayo?"

Wedad anaseka koyamba chimwalirireni a Sobhi. Anaika dzanja pabondo la Ensaf.

"Si iyi? Uyu ndi m'bale wanga. Kiyi wanga anali kwa iyeyu masiku onsewa, ndipo akudziwa kuti a Sobhi sanabweze kanthu."

"Ndiye mwapambana kale," anatero a Nermin.

Ensaf anangoti inde ndi mutu.

Masiku odikira wapolisi anali owawa kuposa chilichonse chimene Ensaf anachionapo. Wedad sanali mlendo wongokhala. Amadzuka m'mawa kusesa, amachapa malaya a Hazem, amaphika therere la denje ndi nkhuku monga mmene mnyamatayo ankalikondera ali mwana, adyo wambiri. Hazem, amene tsopano anali atadziwa kuti mayiyo sanasiye nyumba mwakufuna kwake, ankadya atazyolika, kenako anayamba kudyera kusiteji. Tsiku lina anapanikiza amake kukhitchini, Wedad ali kubafa.

"Amayi, Basma wasankha kale makatani. Bambo ake atchula tsiku lobweretsa katundu. Mukakayankhula kwa wapolisi uja, ine ndathera pomwepo."

"Ndiye ndikanene chiyani? Kuti mayi amene ankakuchapira matewera sindikumudziwa?"

"Simunama ayi. Mungoti simulowerera za eni. A Haji akuti munthu samangidwa chifukwa chosadziwa."

"A Haji akuti, a Haji akuti! Anakubereka ndi a Haji?"

Koma atamukalipira choncho anaona maso a mwana wake, ofiira chifukwa cha utsi wa mumsewu, ndipo mtima unagwanso mbali inayo. Khoswe anali atakhala pamkhate. Kangapo konse anatsegula pakamwa kuti amuuze Wedad, ali awiriwiri akusankha mphodza, ndipo kangapo konse zimene zinatuluka zinali zoti mchere wakwera mtengo.

Tsono kuno tili ndi mwambo, ndipo ngwabwino, palibe angaunyoze. Ngati m'mdadada mwagwa maliro posachedwa, simungangoyamba kuimba nthungululu ngati kuti anzanu sakulira. Mumayamba mwapita kwa ofedwa kukapempha. Mayi Fawkeya, amake Basma, anali munthu wodziwa mwambo. Atamva kuti wamasiye uja ali kwa Ensaf, anaganiza kuti wabwera kudzatsanzika anthu. Anavala zakuda zaulemu, n'kunyamula paketi ya khofi, n'kukwera masitepe masana ena popanda kutumiza mawu.

Ensaf anatsegula chitseko n'kuima pakhomo pomwepo, osapatuka.

"Amake mkwati! Simundilowetsa?" anatero Fawkeya, akumupsompsona uku ndi uku. Anapita molunjika kwa Wedad, n'kumugwira manja onse awiri. "Pepani, mayi, pepani ndithu. Mulungu awachitire chifundo malemu, akupatseni mtima wopirira."

"Zikomo, mayi. Khalani pansi."

"Amake Basma, tiyeni kukhitchini kaye, ndikuonetseni..." anayesa Ensaf.

"Iii, dikirani, ndinene chimene ndabwerera. Mayi Wedad, Lachinayi tikubweretsa katundu wa mkwatibwi. Mukudziwa atsikana athu, akaona mafiriji ndi mabulangete pagalimoto pakamwa sipatsekeka. Ndiye ndati ayi, sitingaimbe nthungululu pakhomo pamene patuluka maliro tisanapemphe kwa eni ake. Mukakana, tilowetsa katundu mwakachetechete ngati akuba, palibe chovuta."

"Katundu mukulowetsa kuti?" anafunsa Wedad.

"Si m'nyumba yanu ija! Ha, mayi inu, Mulungu akupatseni nyumba ina kumwamba. Mwana wanga akanakalambira pakhomo panga. Nditamva kuti mwawasiyira anawa, ndinalira, funsani amake Hazem. Ndipo penti wake wakhala bwino, chipinda chachikulu chija achipaka mtundu wa..."

Anasiyira pomwepo, chifukwa anaona kuti palibe akumuyang'ana. Wedad ankayang'ana Ensaf. Anangomuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana msomali wa pafupi ndi chitseko, n'kubwereranso pankhope yake. Ensaf anafuna nthaka itang'ambika, koma pansanjika yachitatu nthaka ili kutali.

"Kodi ndalakwitsa?" anafunsa Fawkeya ndi mawu aang'ono.

"Simunalakwitse, mayi. Inu nokha ndi amene mwandipempha," anatero Wedad. "Imbani nthungululu zanu. Chimwemwe cha ana sichiletsedwa."

Anaimirira, n'kulowa kuchipinda, n'kutuluka ndi kachikwama kake kaja. Ensaf anamugwira malaya.

"Achemwali, ndimvereni kaye. Sindinawapatse m'manja, ndinango..."

"Ndisiye."

Anakwera padenga. Kumeneko, m'kachipinda ka nkhuku, anakankha mapoto, n'kuyala matiresi pakati pa kabati ndi miyendo ya bedi. Ensaf anamutumizira chakudya, chinabwerera chosakhudzidwa. Anapita yekha, anapeza chitseko chamalata chotseka, mkati muli zii. Anaima padzuwa pamenepo mpaka mutu unayamba kuwawa, n'kutsika.

Wapolisi anabwera m'mawa wa Lachitatu, bambo wotopa wa nsapato zafumbi, a Nermin ali pambuyo pake. Anayambira pansi. A m'nyumba yoyamba anati iwo amachoka m'mamawa, sadziwa za anthu. A yachiwiri anati mayi Wedad amawaona, inde, koma ngati amagona muno kapena kumudzi, iwo sayang'ana m'mabedi a eni. A Haji ankatsatira pambuyo akuwerenga mikanda yawo ya mapemphero, nkhope ili phee. Pofika pansanjika yachitatu masitepe anali atadzaza. Wedad anatsika padenga n'kuima pachitseko chake chotsekedwacho, tsitsi la imvi likutulukira m'mpango, nthenga ya nkhuku itamatirira paphewa. Hazem sanapite kuntchito. Anaima kumbuyo kwa amake, moti Ensaf ankamva mpweya wake pakhosi.

"Inu ndi oyang'anizana naye," anatero wapolisi kwa Ensaf. "M'nyumba umu ankakhala ndani?"

A Nermin anamwetulira momulimbitsa mtima, osadziwa kanthu. Wedad sanamuyang'ane n'komwe. Zimenezo n'zimene zinamupweteka Ensaf kuposa zonse: mayiyo sankayembekezeranso chilichonse kwa iye.

"Amayi," ananong'ona Hazem.

"Ankakhala Wedad," anatero Ensaf. Mawu anatuluka okwera kuposa mmene ankafunira. "Wedad ndi amuna ake, kuyambira mwana wangayu akukwawa mpaka tsiku la maliro. Sanasamukepo. Thupi la a Sobhi linatulukira pakhomo limeneli, ndipo ndinathandiza ndine kukolopa."

"Mayiyu wasokonezeka!" anakuwa a Haji. "Kiyi anandipatsa malemu!"

"Kiyi munamutenga pamsomali panga, a Haji, ine ndikukuphikirani tiyi. Ndinadziwa chimene mwabwerera, ndipo ndinachedwa dala kukhitchini. Munandilonjeza nyumbayi kuti mwana wanga akwatiriremo. Lembani zimenezo, bwana. Lembani kuti Ensaf ndi amene anatsegulira fisi."

Pamasitepe onse phokoso linabuka. Amayi a m'mwamba aja, omwe dzulo ankamutamanda, anayamba kuomba m'manja mwa kudabwa. A Haji ankalumbira pa dzina la bambo awo. Wogulitsa buledi, amene palibe anamuitana, anakuwa ali pansi kuti iye wakhala akupereka buledi pakhomo la mayi Wedad tsiku ndi tsiku, alembe zimenezonso. Atayamba mmodzi, ena aja anakumbukira mwadzidzidzi kuti nawonso amadziwa. Wapolisi analemba mpaka dzanja kutopa, n'kuchenjeza a Haji kuti pasalowe munthu kapena katundu m'nyumbamo kufikira woimira boma atagamula. A Nermin anauza Wedad kuti tsopano nkhani yaima bwino, angopirira pang'ono.

Hazem anayang'ana amake n'kuti, "Mwandipha, amayi." Anatsika masitepe pang'onopang'ono, kupita kukauza bambo ake a Basma kuti galimoto ya mawa isabwere.

Anthu atabalalika, panatsala amayi awiri aja, wina pachitseko chake, wina pachake. Ensaf ankalira poyera, osapukuta.

"Achemwali, ndakulakwirani. Ndinaona mwana wanga akukalamba, mutu unaima. Mundikhululukire, olo si lero."

Wedad anachotsa nthenga ija paphewa, n'kuiyang'ana, n'kuitaya.

"Ukudziwa chimene ndinkaganiza m'sitima, njira yonse yochokera ku Sohag?" anatero. "Alamu anga anandikakamiza kuti ndikhale kumudzi, ndinakana. Ndinawauza kuti ndili ndi mwana ku Cairo. Ndinati ndikafika ndimuuze Ensaf kuti zipinda ziwiri zandikulira, Hazem atenge chachikulu ndi mkazi wake, ine ndizigona m'chaching'ono, ndizimva ana akulira m'nyumba mwanga ndisanafe. A Haji sakanatha kuletsa, nyumba ndi yanga, ndimalowetsamo amene ndamufuna."

Ensaf anagwira khoma.

"Bwanji simunanene? Masiku onse aja muli kwanga, bwanji simunanene?"

"Ndikanapereka bwanji chinthu chimene andilanda? Ndimadikira anditsegulire kaye, ndidzakuuze titakhala pakhonde langa."

"Nanga tsopano?" Ensaf anafunsa, ndipo anachita manyazi ndi funso lakelo lisanathe n'kutuluka komwe.

Wedad anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Tsopano ukufunsanso?" anatero. Anatembenuka n'kuyamba kukwera kubwerera padenga, atagwira chitsulo cha masitepe ndi manja onse awiri chifukwa cha maondo.